Chithunzi Chopanda Njovu: Henry Tayali ndi Ojambula a ku Mfuwe

Pamsewu wochokera ku bwalo la ndege la Mfuwe kukafika pa mlatho wa Luangwa, pomwe pali chipata cha South Luangwa National Park, zithunzi sizisowa. Zina azipachika pa zingwe, zina azitsamiritsa pa makoma a timashopu, zina zili m'malo ogona alendo zitalembedwa mitengo ya madola. Mukaona khumi mwaona zonse: njovu yaikazi ndi mwana wake, kambuku atagona pa nthambi, nyamalikiti zitatu pansi pa mlambe, dzuwa lofiira likulowa kutsidya kwa mtsinje. Manja amene amajambula zimenezi ndi aluso, ndipo ena mwa anyamatawo amadziwa mapindikidwe a khutu la njovu kuposa mphunzitsi aliyense wa zojambula kuno ku Lusaka. Koma pa zithunzi zonsezo munthu wa ku Mfuwe sapezekapo. Akapezeka, amakhala mayi wopanda nkhope wosenza mtsuko, wakuda bii ngati mthunzi, amene ntchito yake ndi kudzaza mpata pakati pa dzuwa ndi mtengo.

Si mlandu wa anyamatawo okha. Wogula ndi mlendo amene wabwera pa ndege kudzaona nyama, ndipo akufuna kubwerera kwawo ndi chimene anadzera. Komabe funso likhalapo. Kodi chigwa chonsechi, ndi midzi ya mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro, chilibe china choika pa chinsalu kupatula zimene mlendo amaona ali pa galimoto yopanda denga? Ine ndikuti chilipo, ndipo njira yochifikira inatsegulidwa kale ndi mwana wa dziko lino, Henry Tayali. Ambiri a inu mumadziwa dzinali ngati dzina la nyumba ya zithunzi ya ku Showgrounds. Mwini dzinalo ankajambula za m'tauni, koma zimene anachita ndi penti zikuyankha vuto la ku Mfuwe mwachindunji.

Mnyamata wa ku Serenje

A Tayali anabadwira ku Serenje pa 22 November 1943, koma anakulira ku Bulawayo, kumene bambo awo ankagwira ntchito monga ankachitira amuna ambiri a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland masiku amenewo. Luso lawo linaoneka akadali pa sukulu, moti anaonetsa zithunzi zawo pagulu asanakwanitse zaka 20. Zithunzi zoyambazo zinali zosamalitsa, munthu aliyense ndi manja ake, miyendo yake ndi nkhope yake. Ndikutchula zimenezi chifukwa pali anthu amene amaganiza kuti wojambula zosazindikirika ndi uja analephera kujambula zozindikirika. A Tayali anayamba ndi kudziwa thupi la munthu bwinobwino.

Mu 1967 anapita ku Makerere ku Uganda, sukulu imene nthawiyo inkaphunzitsa ojambula ochokera mbali zonse za kum'mawa kwa Africa, ndipo anatsiriza mu 1971, chaka chimene Idi Amin analanda boma. Atagwira ntchito pang'ono ku University of Zambia, mu 1972 anapeza thandizo la maphunziro kuchokera ku Germany nkukalowa Kunstakademie ya ku Düsseldorf. Kumeneko kunkaphunzitsa Gerhard Hoehme, mmodzi mwa ojambula a ku Germany amene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anasiya kufanizira zinthu, nayamba kulola penti, mizere ndi kukanda kwa chinsalu kuti zilankhule zokha. Chaka chomwecho sukuluyo inali pa chipwirikiti, pakuti ndi mu 1972 mmene Joseph Beuys anachotsedwa ntchito ya uphunzitsi chifukwa cholandira ophunzira amene sukulu inawakana. Mnyamata wa ku Serenje anafika pamalo pomwe funso lakuti chithunzi n'chiyani linali la tsiku ndi tsiku.

Anabwerera ku Zambia mu 1975, ndipo University of Zambia inawapatsa udindo wa University Artist. Ankapenta, ankasema, ankadinda zithunzi ndi matabwa ogoba, ankaphunzitsa, ndiponso ankalimbikira kuti dziko likhale ndi sukulu ya zojambula komanso nyumba yosungiramo zithunzi za ana ake. Mu 1986, pamodzi ndi mayi Cynthia Zukas ndi mayi Bente Lorenz, anali m'gulu loyambitsa Lechwe Trust. Chaka chotsatira, pa 22 July 1987, anamwalira ku Aachen ku Germany ali ndi zaka 43. Anzawo atakhazikitsa Visual Arts Council, likulu lake ku Showgrounds analitcha dzina lawo.

Mmene anthu anasungunukira mu penti

Nkhani ya a Tayali kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto inali imodzi: khamu la anthu. Pa zithunzi zawo zodinda, zakuda ndi zoyera, muli anthu a m'makomboni atathithikana m'malo omwera mowa ndi m'misika, mapewa akugundana, maso ali otopa. Pa chithunzi chawo chotchuka kwambiri, Destiny, chimene Lechwe Trust inachigula nkuchibwezera kuno kwawo, pali anthu ochuluka zedi akukankhana ndi kusenza katundu pakati pa sitima ya pamtunda ndi nyumba zazitali za mzinda. Pamenepo anthu akadali owerengeka. Mukhoza kuloza mmodzi ndi chala nkunena kuti uyu wanyamula chakuti.

M'kupita kwa zaka anthuwo anayamba kulowana. Mkono wa uyu unasanduka msana wa uyo, mitu inakhala timadontho, ndipo pa zithunzi zina chimene chinatsala ndi mikwingwirima ya penti wokhuthala, mitundu ikukankhana monga mmene matupi ankakankhirana kale. Munthu wosazolowera amati wojambulayo wasiya anthu. Ine ndikuona kuti ndi pamene anawafika pafupi.

Tsiku lina ndinaonetsa ana a m'kalasi langa chimodzi mwa zithunzi zimenezi pa foni. Mtsikana wina anachiyang'ana kanthawi nkufunsa kuti, "Ba ticha, uyu sanasilize kapena penti inatayika chabe?" Anzake anaseka. Ndinawafunsa kuti ndi angati amakwera basi pa Kulima Tower kapena pa City Market nthawi ya 17 koloko mvula ikubwera. Manja ambiri anakwera. Ndinawafunsanso kuti pamenepo amaona nkhope zingati. Anakhala chete, kenako mnyamata wina anati palibe, umangoona mitundu ya malaya, chigongono cha munthu pa nthiti, phokoso la makondakitala, ndi dzanja lako lili pa thumba la foni. Yankho limenelo ndi kufotokoza kwabwino kwa zithunzi za a Tayali kuposa kumene ndinawerengapo kwina kulikonse. Amene amaona nkhope iliyonse pa Kulima Tower ndi munthu amene waima pamwamba pa nyumba. Amene ali pakati pa gululo amaona zimene a Tayali anapenta.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chithunzi chofanizira bwino chimafuna kuti wojambula aime patali ndi chinthucho, achione chonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ukalowa mkati mwake, m'mphepete mwa zinthu mumasowa, nkutsala kulemera, kutentha, liwiro ndi mantha. A Tayali anasankha kulowa mkati.

Dzina la njira imeneyi

M'mabuku a mbiri ya zojambula njira yotere imatchedwa abstract expressionism. Dzinali linamera ku New York m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pa ntchito za anthu monga Jackson Pollock, Willem de Kooning, Lee Krasner ndi Mark Rothko. Liwu loyambalo likunena kuti chithunzi sichifanizira chinthu chimene mungachitchule dzina. Lachiwirilo likunena kuti chimene chikutuluka pa chinsalu ndi zimene zili mumtima ndi m'thupi mwa wojambula. Pakati pa 1947 ndi 1950 Pollock ankayala chinsalu pansi, nkumachizungulira akudontheza penti wa nyumba ndi kamtengo. Mu 1952 wolemba wina, Harold Rosenberg, anatcha kujambula kotere action painting, kutanthauza kuti chithunzicho ndi mapazi a zimene thupi linachita, monga mmene bwalo limaonekera gule atatha. Ku Ulaya njira yofanana nayo inkatchedwa Informel, ndipo Hoehme anali mmodzi mwa eni ake.

Kusiyana kwa a Tayali ndi anthu a ku New York n'kofunika. Pollock ndi Rothko ankafufuza za munthu mmodzi payekha, nkhawa zake ndi mzimu wake. A Tayali sanachotse maso awo pa gulu. Ngakhale pa zithunzi zimene simungalozepo munthu, mumamva kuti pali anthu ambiri pamalo ochepa. Anatenga chida ku Düsseldorf nkuchigwiritsa ntchito ya ku Matero ndi ku Chibolya. Chifukwa chake sindivomereza amene amati anangotengera azungu.

Za kunja kapena zathu?

Mawu akuti zimenezi n'zachizungu ndawamva kwa makolo, kwa aphunzitsi anzanga ngakhalenso kwa ojambula. Yankho lake lili pa miyala. M'boma la Serenje momwe a Tayali anabadwira muli phanga la Nsalu, ndipo pakhoma pake pali mizere yoyendera limodzi, mabwalo okhala mkati mwa mabwalo anzake, ndi zinthu zooneka ngati makwerero. Kum'mawa kuno ku Thandwe, ku Mkoma ndi ku Kalemba kuli zofanana nazo. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 otere, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zimene akatswiri amati ndi za Akafula, zambiri sizifanizira nyama kapena munthu. Zoyera, zimene zinabwera pambuyo, ndi za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali, ndipo tanthauzo lake ankalidziwa ndi okhawo amene analowa mwambo.

Choncho makolo athu ankadziwa kale kuti chojambula chikhoza kunyamula nkhani yaikulu popanda kufanana ndi chinthu. Agogo amene amazira khoma la nyumba ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda sajambula mbuzi. Woluka mphasa kapena lichero sajambula nkhuku. Chitenje chimene mayi anu amachikonda kwambiri mwina chilibe chithunzi cha kanthu, koma palibe anawafunsapo kuti chikutanthauza chiyani asanachigule ku Kamwala. Ndipo anthu a kunja anabwereka kwa eni nthaka poyera. Picasso anasintha kajambulidwe kake mu 1907 ataona zigoba za kumaso zochokera ku Africa mu nyumba ya zakale ku Paris, ndipo Pollock mwini ananena kuti kugwirira ntchito pansi kunkafanana ndi kwa eni dziko la America amene amajambula ndi mchenga.

Ngati pali chinthu chobwera pa zithunzi za ku Mfuwe, ndi njovu ija yoima bwinobwino dzuwa lili kumbuyo kwake. Imeneyo inabwera ndi kamera, makalendala ndi mapositikhadi.

Njovu ya mlendo ndi njovu ya mwini munda

Mbiri ya Mfuwe yamakono inamangidwa pa maso a mlendo. Mu 1950 a Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule malo ena a nyama, alendo azilipira kudzaziona, ndipo ndalamazo zizipita kwa anthu. Pambuyo pake anayambitsa maulendo oona nyama wapansi amene anatchukitsa chigwachi. Mu 1972 malo a kutsidya kwa mtsinje anakhala National Park. Ntchito zambiri za ku Mfuwe lero, za operekeza alendo, ophika, oyendetsa galimoto ndi ochapa, zimachokera pamenepo, ndipo palibe wanzeru amene anganyoze zimenezo.

Koma mlendo amaona njovu masana, ali patali mamita angapo, injini itazimitsidwa, woperekeza akumunong'oneza dzina lake m'Chingelezi. Chithunzi cha Mfuwe chimene dziko lonse limachidziwa ndi cha njovu zodutsa pa malo olandirira alendo a Mfuwe Lodge kupita kukadya zipatso cha mu October ndi November. Mwini munda wa kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya amakumana ndi njovu usiku. Saiona yonse. Amamva phesi la chimanga likuthyoka, agalu akuuwa kenako nkukhala zii, fungo lolemera, nthaka ikugwedezeka pang'ono. Tochi ikawala amaona kachigawo ka khungu lotuwa ndi diso limodzi lofiira. Pali utsi wa tsabola wosakaniza ndi ndowe umene ayatsa kuti aipirikitse, pali zitini zikulira, pali ana akulira m'nyumba. Kukacha amapeza nkhokwe itagwa ndi chakudya cha chaka chonse chitapondedwa.

Tsono mundiuze, usiku umenewo mungaujambule bwanji ndi njira ya pa positikhadi? Mulibe m'mphepete mwa chinthu chilichonse. Muli mdima, kuwala kong'ambika, kulemera ndi mantha. Umenewo ndi Kulima Tower wa ku chigwa, ndipo njira ya a Tayali ndiyo ingaunyamule. Chithunzi chotero mwina sichingakhale ndi chitamba kapena minyanga, koma aliyense amene anagonapo mu msasa wa kumunda akhoza kuchizindikira msanga kuposa mlendo wa digiri ya zojambula.

Pali zinanso. Dera lina la pakati pa Mfuwe limatchedwa Cropping chifukwa m'zaka za m'ma 1960 boma linkapha njovu ndi mvuu pofuna kuchepetsa chiwerengero chake, ndipo nyama yake inkakonzedwera pamenepo. Ana amene amakwera njinga pa Cropping lero akuyenda pa dzina la magazi. Mu 1991 mkango unapha anthu 6 m'midzi ya m'derali usanawomberedwe, ndipo lero chikopa chake chaimikidwa mu Field Museum ku Chicago, kumene ana a sukulu amajambulitsa nacho. Thupi la mkangowo lili kumeneko, koma miyezi imene anthu ankatseka zitseko dzuwa lisanalowe ilibe chithunzi kulikonse. Kutentha kwa October kumene kumapitirira madigiri 40 kulibe chithunzi. Madzi a February amene amadula misewu nkusandutsa dothi lakuda kukhala phala alibe chithunzi. Luangwa mwini, amene chaka ndi chaka amagumula gombe lino nkumanga linalo, nasiya zithaphwi zokhota kumene ankadutsa kale, amangojambulidwa ngati galasi loonerapo mvuu.

Sindikunena kuti palibe amene anayesapo. Mayi Pam Guhrs-Carr, mwana wa a Norman Carr, amene anakulira m'chigwachi nkukaphunzira zojambula ku University of the Witwatersrand ku Johannesburg, akhala akujambula nyama mosatsata positikhadi, akutenga nzeru ku zojambula za pa miyala ndi ku mmene Akunda amaganizira za nyama. Gulu la zisudzo la SEKA lakhala likuika pabwalo nkhani za anthu ndi nyama monga mmene eni midzi amazionera. Zisudzo zinatsogola. Penti wa anyamata a m'mphepete mwa msewu ndiye watsalira.

Nanga tidya chiyani?

Funso limeneli ndi lenileni, ndipo ine amene ndimalandira malipiro kumapeto kwa mwezi ndiyenera kuliyankha mwaulemu. Alendo ambiri amabwera ku Mfuwe nyengo yadzuwa, kuyambira cha mu June mpaka October. Mvula ikayamba misasa yambiri ya kutchire imatsekedwa. Wojambula ali ndi miyezi yochepa yopezera ndalama za sukulu, feteleza ndi lendi. Penti ndi chinsalu zimachokera ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 100, kapena ku Lusaka kumene. Munthu wotero sangataye chubu cha penti pa chithunzi chimene sichidzagulidwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo njovu ndiye fodya wa pamphuno.

Komabe taonani zinthu ziwiri. Choyamba, pamene anthu makumi angapo akugulitsa njovu yofanana, wogula ndiye amalamula mtengo. Akakana kwa uyu apita kwa uyo, ndipo mtengo umatsika mpaka kufika pa mtengo wa penti. Chithunzi chimene palibe wina angachijambule sichitsitsidwa motero. Chachiwiri, sizoona kuti alendo amagula nyama zokha. Kampani ya Tribal Textiles, imene inayamba m'chigwachi mu 1991, inaphunzitsa anthu ambiri kujambula pa nsalu ndi phala la ufa, kuyanika padzuwa, kupaka mitundu, kenako kuchotsa phalalo kuti patsale mizere yoyera. Zambiri mwa nsaluzo ndi mizere ndi mabwalo chabe, ndipo zagulitsidwa m'maiko ambiri. A Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku mawaya a misampha amene achotsedwa kutchire. Wogula akugula waya wopindika chifukwa waya umenewo wanyamula nkhani yoona. Ngati mlendo angagule mizere pa chovundikira pilo ndi waya wa pakhosi, angagulenso usiku wa kumunda pa chinsalu, bola wojambulayo akhale ndi mawu awiri atatu omufotokozera kumene chachokera.

Langizo langa si lakuti musiye njovu. Jambulani njovu zisanu ndi zinayi za mphika. Chinsalu chachikhumi chikhale chanu. Ngati penti wa m'chubu wadula, Pollock ankagwiritsa ntchito penti wa nyumba, ndipo amene anajambula ku Kalemba analibe shopu. Dothi lofiira, makala, phulusa, laimu ndi masaka a ufa zilipo.

Pamene a Tayali sanafike

Kulemekeza munthu si kumuombera m'manja pa chilichonse. Chosema chawo chimene anthu ambiri amachidziwa, The Graduate cha pa University of Zambia, chimene chikuonetsa wophunzira atanyamula buku ndi khasu, kwa ine ndi ntchito yawo yofooka. Uthenga wake umatha pa mphindi imodzi: phunzirani koma musaiwale munda. Ndi chiganizo cha pa chikwangwani cha boma chimene chapatsidwa miyendo. Anthu amajambulitsa nacho pa tsiku lomaliza maphunziro, ndipo sichiwavutitsa maganizo. Zithunzi zawo za khamu zimavutitsa, n'chifukwa chake zili zazikulu.

Chachiwiri, pali zithunzi zina za nthawi yomwe anasiyiratu kufanizira zimene gulu lija limazimiririka kotheratu, nkutsala mitundu yokongola yokha. Pamenepo ndimamva Düsseldorf kwambiri kuposa Lusaka, ndipo chithunzicho chikhoza kukhala cha wina aliyense wa m'kalasi la Hoehme. Mphamvu ya a Tayali ili pa malire, pomwe munthu watsala pang'ono kusowa koma akadalipo. Phunziro lake kwa wachinyamata ndi lakuti kusafanizira pakokha si luso. Kuwaza penti aliyense angawaze, ndipo pa Facebook pali ambiri amene akuwaza nkulemba pansi pake mawu akuluakulu a Chingelezi. Funso n'lakuti chakukankha n'chiyani. A Tayali anajambula manja ndi nkhope zaka zambiri asanayambe kuzisungunula, ndipo Pollock naye anaphunzira kujambula matupi kwa Thomas Hart Benton. Mnyamata wa ku Mfuwe amene wajambula njovu mazanamazana wamaliza kale sukulu imeneyo. Ali ndi ufulu woiphwanya njovuyo chifukwa akuidziwa.

Chachitatu si mlandu wawo koma wathu. Munthu amene moyo wake wonse anajambula anthu a m'makomboni, zithunzi zake zimaonedwa kwambiri ndi anthu a m'mayadi. Zambiri zili m'nyumba za anthu ndi m'maofesi, zina kunja kwa dziko. Mwana wa ku Kanyama kapena ku Mchini ku Chipata akhoza kumaliza sekondale osaonapo ngakhale chimodzi, nanji wa ku Mambwe. Timaphunzitsa ana kujambula kapu ndi lalanje pa tebulo, nkuwapatsa mamakisi malinga ndi mmene lalanjelo lafananira ndi lalanje. Tikatero tisadabwe kuti akakula amafunsa ngati penti inatayika.

Kaonedwe kake

Kwa inu amene muli ku Lusaka, Henry Tayali Visual Arts Centre ili mu Showgrounds, Lechwe Trust ili ndi nyumba yake ya zithunzi ku Rhodes Park, ndipo Lusaka National Museum ili pa Independence Avenue. Pitani, ndipo musachite manyazi ndi nsapato zanu. Mukaima patsogolo pa chithunzi chimene simukuchimva, musayambe ndi funso lakuti ichi n'chiyani. Nyimbo ya kalindula ikayamba simufunsa kuti gitala akufanizira nyama yanji. Yambani ndi zimene maso akuchita: akuyambira pati, akuthamangira kuti, akukakamira pati. Onani pamene penti wakhuthala ndi pamene chinsalu chikuonekera. Yesani kuganiza mmene mkono unayendera, ngati unali wofulumira kapena wolemera. Imani patali, kenako pafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatha mphindi zisanu ndipo palibe chimene chagwedezeka mwa inu, muli ndi ufulu wonena kuti chithunzicho n'chofooka, pakuti zofooka ziliko zambiri. Koma muzinena mutachiyang'ana.

Kwa inu a ku Mfuwe amene mukuwerenga pa foni, muli ndi chinthu chimene ojambula a m'tauni amachisowa. Ambiri a ife kuno timajambula zimene taona pa intaneti. Inu muli ndi nkhani imene dziko lonse likuganiza kuti likuidziwa, chonsecho laiona mbali imodzi yokha. Zithunzi za nyama za ku Luangwa zilipo zosawerengeka m'makamera a alendo, ndipo kamera idzakuposani nthawi zonse pa kufanizira. Chimene kamera singathe ndi kukhala m'munda wa chimanga pakati pa usiku ili ndi ana atatu m'nyumba ndi ngongole ya feteleza. A Tayali anamwalira ali ndi zaka 43 atatisonyeza mmene khamu la m'tauni limamvekera ukakhala mkati mwake. Za m'chigwa sanazijambule, ndipo palibe wa ku Lusaka kapena wa ku London amene angazijambule m'malo mwanu.